Chigamba cha Nambala Folo

Khalani pansi, khalani pansi. Amene mukuomba m'manja sungani kaye manja anuwo, simunamve kanthu. Mukamva mwina mufuna kutolera nawo miyala.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Yakobe, koma dzina limenelo kuno ku Mwanza amalikumbukira ndi amayi anga okha. Ena nonse mumati Mlongoti, chifukwa cha msinkhu wangawu. Ndinali kaputeni wa timu ino ya basiketibolo ya Manachesi, nambala folo. Ndinakhalanso chidakwa cha pa boda, ndipo ena mwa inu amene mwakhala kutsogolo kuno mutatchena munandigulirako kachasu kuti mupeze choseka. Ndikukuonani. Maina sinditchula, koma musayang'ane pansi, yang'anani kuno.

Andipempha kuti ndipereke umboni masewera asanayambe, chifukwa pano pali anzanga a gulu lathu la Lachitatu, amene tikulimbana ndi botolo, ndiponso pali anyamata atsopano a timu amene akuyesa kuti timuyi inagwa kumwamba ngati mvula. Ndiyamba ndi anyamatawa.

Bwalo limene mwapondali linali tchire. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu othawa atadzaza m'boma muno, kunabwera mphunzitsi wina wa ku Tete, a Domingo, ndi akazi awo mayi Rosa, awo akhala pampando apo ndi ndodo. A Domingo anafika alibe ndi nsapato zomwe, koma m'mutu mwawo munali masewera amene kuno sankadziwika. Anatola limu ya njinga, anachotsa masipoko, n'kuikhomera pamwamba pa mtengo wa bulugama. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amuna andevu kusewera ntchembere mbaye!" Kuno mpira uliwonse wamanja unali wa akazi basi. A Domingo ankangoyankha m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti, "Bwera udumphe, amigo, tione ntchembere ndani." Amene ankapita kukaseka ankabwerako malilime ali panja, mawa lake n'kupitanso. Akuluakulu sananame, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Dzina lathuli linali chipongwe. Timu itapita koyamba kukasewera ku Blantyre, anthu a m'tauni ankakuwiza kuti, "Ogulitsa manachesi afika! Mulu ndi zingati?" A Domingo atamasuliridwa anaseka, n'kunena kuti ndiye dzina tapeza. Kuyambira pamenepo tikagonjetsa timu ya eni tinkaisiyira dengu la manachesi kuti itsitsire mkwiyo.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yanga yagona pomwepa. Timu inalibe yunifolomu. Mayi Rosa anatenga nsalu yawo ya kwawo, imene iwo amati kapulana, yofiirira ngati nachesi lakupsa, anaidula zigamba khumi, n'kusokerera chimodzi chimodzi pamtima pa malaya a anyamata khumi oyambawo. Majezi enieni atabwera, zigamba zija zinasamukira mkati mwa jezi, pamtima pomwepo. Ndipo a Domingo anaika lamulo. Chigamba si cha munthu. Wosewera akasiya mpira amachisomola yekha pa jezi yake, amalowetsa yekha ulusi pa singano, n'kuchisokerera yekha pa jezi ya amene akumusiyira nambala, anthu onse akuona. Palibe za telala, palibe za mkazi wako. Ine changa anandisokera mkulu wina wopala matabwa, zala zake ngati chinangwa. Anadzibaya mpaka magazi anadontha pa jezi yanga yatsopano, ndipo palibe anaseka.

Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo, koma a Domingo ndi mayi Rosa anatsala. Ankati ana awo ali kuno, akasiya ndi yani.

Tinakula. Anyamata ankayenda pansi kuchokera kwa Kanduku, ena panjinga kuchokera kwa Nthache, kudzaphunzira. Tinalowa ligi ya chigawo cha kummwera, ndipo a m'tauni aja anasiya kufunsa mtengo wa mulu. Apo ndiye anatiwona bwana wina wa mathiraki wa ku Blantyre. Sindimutchula, dzina lake limandiwawa m'kamwa. Anati mpira ukhale ntchito yathu, malipiro pamwezi, nsapato, basi yathuyathu. Tinavina, abale. Chikomekome cha nkhuyu, nyerere tinazionera mkati.

Chaka choyamba anachitadi zonse. Chachiwiri anati Manachesi ndi dzina la pamsika, timu itenge dzina la kampani yake. Majezi anabweretsa a buluu. Tsiku lina anapeza mnzathu akusamutsira chigamba pa jezi yatsopanoyo, anachinyamula ndi zala ziwiri ngati wanyamula khoswe wakufa, n'kunena kuti, "Tizisanza iti ndi ta chiyani? Mankhwala? Za kumudzizi sizikugwirizana ndi brand yanga." A Domingo atayesa kumufotokozera, mawa lake anawachotsa ntchito. Ndipo sanawauze yekha ayi, anatuma dalaivala. Munthu amene anakhoma limu ya njinga pamtengo, kuchotsedwa pa timu yake ndi dalaivala wa munthu amene sanagwirepo mpira chibadwire! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira. Kenako anasankha anayi mwa ife, anasamutsira timu ku Blantyre, ena onse anawataya ngati makoko.

Mukuti kaputeni anatani? Kaputeni anakwera basi. Anzanga atatu aja anali ndi ulemu, anakasiya zigamba zawo kwa mayi Rosa monga anachitira otayidwa aja. Ine a Domingo ananditsatira mpaka pa siteji, anandigwira dzanja, anati, "Mlongoti, pita bwino, koma chigamba usiyire wina." Ndinati, "Ndibweranso, akochi, musadandaule." Jezi inali pansi pa chikwama. Ndinkaona ngati nambala folo ndine ndekha padziko lapansi.

Zotsatira ndithamanga nazo, chifukwa nazonso zinathamanga. Bondo linathyoka pa masewera. Bwana uja kuchipatala sanapondeko, anangotumiza uthenga pafoni kuti ntchito yatha. Posakhalitsa basiketibolo inamutopetsa, anatseka timu yonse ngati akutseka golosale. Timu imene inapirira njala ndi chipongwe anaipha munthu mmodzi chifukwa chotopa nayo. A Domingo anamwalira ine ndili ku Blantyre konko, ndipo kumaliro sindinabwere. Manyazi anandimanga miyendo.

Ndinabwerera kuno ndikutsimphina, ndipo mowa ndi umene unandichingamira. Ndinayamba ndi botolo limodzi kuti bondo lisiye kuwawa, kenako lina kuti ndigone, kenako lina kuti ndidzuke. Malo anga anakhala pa boda, pamzere wa mathiraki. Madalaivala ndi anyamata a pa boma pano ankati, "Mlongoti, dumpha ugwire denga la thiraki, tikugulira." Ndinkadumpha ndi bondo lothyokalo, ndikagwa n'kumaseka nawo. Inu amene munkagula, munkadziwa kuti kunyumba kwanga kulibe ufa. Ngakhale mmodzi mwa inu sanaganizepo zondigulira chinangwa chootcha. Ndinagulitsa nsapato, ndinagulitsa mamendulo, ndinagulitsa wailesi. Akazi anga, mayi a Chisomo, anapirira mpaka tsiku limene ndinagulitsa mbuzi yawo, anatenga ana n'kupita kwawo kwa Nthache. Chomaliza kutuluka m'nyumba chinali jezi ija. Ndinaipereka kwa munthu wina wothandizira dalaivala pa thiraki yofiira ya ku Tete, iye n'kundipatsa botolo la kachasu. Za chigamba ndinakumbukira, musaganize kuti ndinaiwala. Ndinakumbukira, n'kumwabe.

Pamene ine ndinkachita zimenezo, bwalo lino linasanduka pogona mathiraki. Simenti inasweka, mafuta anadzaza paliponse. Ndiye uyu waima apayu, Tamandani wa kwa Kanduku, anasonkhanitsa anzake kuti adzutse timu. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha. Anawayankha kuti akalowa ligi chaka chino bwalo ndi lawo, akalephera lipita kwa a mathiraki mpaka kalekale. Atapita kwa mayi Rosa kukapempha dzina la Manachesi, mayi anayala zigamba pamphasa, zinalipo zisanu ndi zinayi. Anati Manachesi salowa m'bwalo opereweza. Anyamata anawachonderera kuti angodula pa chitenje china chofanana, ndani angadziwe. Mayi anawathamangitsa.

Tsiku limenelo ine ndinali nditagona kuseri kwa shabini, dzuwa litakwera kale, ntchentche zili pakamwa. Ndinamva chinthu chikugogoda kuphazi. Kutsegula maso, ndodo. Kukweza maso, mayi Rosa. Anali atayenda pansi kuchokera kwawo ndi miyendo yawo yotupayo.

Ndinayesa kudzuka kuti ndipereke ulemu, ndinagweranso pomwepo. Ndinati, "Amayi, mwandipeza pamalo oipa."

Anati, "Sindinabwerere iwe. Iwe gona. Ndabwerera chigamba changa."

Ndinayamba kunama kuti chili kunyumba, ndinachisunga bwino. Anangondiyang'ana. Mukawadziwa mayi Rosa, mukudziwa kuti bodza silikhalitsa pamaso pawo. Ndinati, "Ndinagulitsa, amayi. Pamodzi ndi jezi."

Sanakuwe. Anakhala pa kreti ya mabotolo imene inali pamenepo, anagoneka ndodo pamiyendo, n'kufunsa kuti, "Yakobe, nsalu ija ukuidziwa?"

Ndinati ndi kapulana yawo ya kwawo.

Anati, "Ndinaberekera mwana wanga pothawa nkhondo. Mwana wamwamuna. Tinayenda naye m'tchire mpaka tinawoloka malire, anadzafera kuno. Tinamuika m'bulangete la ku msasa, nsalu ndinasunga. Bambo ako Domingo atati anyamata alibe chovala, ndinati awa ndiwo ana anga tsopano, nsaluyi iwabereke. Asilikali sanandilande, njala sinandigulitsitse. Wadzandilanda ndiwe, ndi botolo."

Abale, zaka zonse zimene ndinavala chigamba chija, sindinadziwe. Anzanganso sankadziwa. Mayi sanauzepo munthu. Ndinalira pamenepo ngati mwana, mamina ali chuchuchu, ndipo mkati mwa kulirako ndinapsa mtima koopsa. Ndinapsera mtima bwana uja amene anati tizisanza. Kenako ndinaona kuti iye anangonyoza ndi pakamwa asakudziwa, wogulitsa ndinali ine kaputeni.

Mayi anadzuka, anati, "Misozi sindisokera. Kachipeze." Anapita osacheuka.

Ndinayamba kudikira thiraki yofiira ija. Ndinkafika pa boda m'mamawa, kuyenda mzere wonse, kusuzumira thiraki iliyonse yochokera ku Tete. Kumwa ndinkamwabe, sindinama, koma pang'ono, kuopa kuti ingandidutse ndili mtulo. Zinatenga nthawi. Tsiku lina ndinaiona, ndipo munthu uja anali atatsegula kutsogolo akupukuta injini. Chimene ankapukutira ndinachizindikira ndi nambala yokha. Jezi ya kaputeni wa Manachesi inali yakuda bii ndi oyilo, mkono umodzi utang'ambika. Ndinamulanda, ndinaitembenuza. Chigamba chinalipo, ulusi wa mkulu wopala matabwa uja ukugwirabe.

Munthuyo anaseka, anati, "Sanza imeneyi, amigo? Tsuka thiraki yonse, utenge." Ndinatunga madzi, ndinatsuka kuyambira kumutu mpaka kumatayala akumbuyo, ndikusanza m'ngalande. Anzanga a pa shabini anabwera kudzaonerera. Wina ananditambasulira botolo, anati, "Tsitsira, Mlongoti, ufa nazo izi." Dzanja langa linanyamuka lokha. Chimene chinalibweza n'chakuti linali lonyowa ndi sopo ndipo jezi inali m'dzanja linalo, ndikanayenera kuiika pansi. Sindinafune kuiikanso pansi.

Ndinaichapa, ndinasomola chigamba, ndinathamangira kwa mayi Rosa ndikuyesa kuti nkhani yatha. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anachiyang'ana, anachigwira pang'ono, n'kundibwezera. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi singano ndi ulusi. Anati, "Lamulo ukulidziwa. Nambala folo ndi ya Tamandani. Lowetsa."

Inu a Lachitatu mukudziwa manja a munthu wa kachasu mmene amachitira. Singano inkapita uku, ulusi uku. Ndinanyambita ulusi, ndinatsinzina diso limodzi, ndinatsamiritsa chigongono pabondo, ayi ndithu. Manja amene ankaponya mpira kuchokera pakati pa bwalo n'kulowa, analephera kabowo ka singano. Ndinati, "Amayi, ndilowetsereni chabe, kusoka ndisoka ndekha." Anati, "Ayi. Uzibwera m'mawa uliwonse. Singano ndi imene idzatiuze kuti wasiya."

Tamandani ndi anzake anali atalembetsa kale mu ligi, tsiku la masewera oyamba linali litadziwika, ndilo lero. Bwalo lonseli, dzina lonseli, zinadzatsamira pa manja a chidakwa. Anyamata ankandiyang'ana ngati andimeze. Ine ndinayesa kuchenjera, tsiku lina ndinapita ndi singano yosokera matumba a chimanga, ya bowo loti ngakhale chingwe chilowa. Mayi anandithamangitsa ndi ndodo mpaka pamsewu.

Tsono anzanga amene muli m'dzenje limene ndinalimo, mverani zimene ndinachita, chifukwa kulira pakokha sikunandichotsemo. Ndinapita kuchipatala n'kukanena zoona, kuti ndimamwa kuyambira m'mawa ndipo ndikufuna kusiya. Anandiuza kuti munthu womwa ngati ine akangosiya mwadzidzidzi payekha akhoza kukomoka ngakhale kufa, choncho anandigoneka masiku angapo n'kundipatsa mankhwala. Musachite manyazi kupita, manyazi ndi kugona kuseri kwa shabini. Nditatuluka ndinasiya njira ya pa boda. Ngakhale kukhale kozungulira, ndimazungulira. Ndinapeza ganyu yokweza madengu a manachesi m'magalimoto, kuti dzuwa likamalowa ndizikhala nditatopa ndi chinthu chenicheni, ndiponso ndinaphunzira kudya m'mawa, chifukwa njala ndi ludzu la mowa zimayenda limodzi. Lachitatu lililonse ndimakhala ndi anzangawa ku tchalitchi, timapemphera, timauzana zoona, wina akasowa timakamufuna.

Ndinagwanso kamodzi. Kunali maliro, wina anandipatsira kapu, ndinalandira. M'mawa mwake ndinafuna kubisala, koma ndinapitabe pakhonde pa mayi Rosa. Anangondipatsa singano, singano n'kunena zonse. Anati, "Mawa ubwerenso." Mukagwa, pitani komweko kumene mukuchita nako manyazi, musadikire kuti muyere kaye.

Ndinayendanso pansi mpaka kwa Nthache kukagwada pamaso pa mayi a Chisomo ndi amalume awo. Sanabwerere kunyumba, ndipo sindikuwakakamiza, anaona zambiri. Anati adzaona okha ndi maso. Lero abwera, ali kumbuyo uko ndi ana. Musacheuke, mungawachititse manyazi.

Ndipo inu akutsogolo, ndi inu a m'maofesi, ndi aliyense wa chikwama chonenepa amene adzakomedwe ndi anyamatawa akayamba kupambana, ndikuuziranitu. Thandizani, tikufuna thandizo, mpira sudya mphepo. Koma dzina musakhudze, mtundu wa jezi musakhudze, zigamba musakhudze. Timu ino ndi ya Mwanza, inaberekedwa kumbuyo ngati mwana. Wofuna timu ya dzina lake akakhome limu yake pamtengo wake. Inunso anyamata, basi ikadzabwera kudzakutengani, kwerani, palibe choipa. Koma muzisiya za eni musanakwere.

Sabata yatha, pakhonde pa mayi Rosa, ulusi unalowa. Mawa lake unalowanso. Koma pakhonde tinalipo awiri ndi nkhuku, ndipo lamulo limati anthu onse aone. Kunena zoona, mtima ukugunda ngati ndili pa mzere woponyera masewera atatsala pang'ono kutha.

Tamandani, bwera kuno ndi jezi yako. Itembenuze. Amayi, ndipatseni singano. Ayi, yomweyo yaing'onoyo, za matumba ndinasiya.

Tsono khalani chete nonse. Iwe wa wisulo, dikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Taphonya. Musaseke, ngakhale mpira sulowa nthawi zonse koyamba. Ndinyambitenso.

Mayi a Chisomo, mukuona kuchokera kumeneko? Amayi, onani. Walowa.

Gwira bwino jeziyo, mwana iwe, ndingakubaye. Zigamba zakwana khumi. Amayi, ana anu alowe m'bwalo.